Laputopu ya mwana wa ku koleji ndi msonkho wa ku America: mmene pulogalamu yolipira inandithandizira ndi pamene inalephera

Ndemanga iyi ikukhudza pulogalamu ya pa intaneti yolembera msonkho wa ku United States, imodzi mwa zija zimene zimafunsa munthu mafunso limodzilimodzi kenako n'kudzaza mafomu a IRS, bungwe la boma lotolera msonkho, m'malo mwake. Ndinaigwiritsa ntchito polemba msonkho wa banja lathu wa chaka cha 2025, ndipo ndinawonjezera ndalama kuti ndilankhulenso ndi katswiri wa kampaniyo. Dzina la kampani sinditchula, chifukwa chimene ndikufuna kuti owerenga aone ndi mmene mapulogalamu a mtundu umenewu amagwirira nkhani imodzi yokha, ya kompyuta imene kholo lagulira mwana wa ku koleji. Pa masamu ndi pa kadzazidwe ka mafomu sindinapeze cholakwa. Pa funso lenileni lakuti kodi kompyutayo ndi yololedwa kuwerengedwa, ndipo ikawerengedwa phindu lake ndi lotani, pulogalamuyo inandisiya ndekha, ndipo yankho lomveka ndinalipeza pokhapokha nditalipira kachiwiri.

Ndiyambe ndi malamulo, popeza popanda iwo palibe njira yoyezera ngati pulogalamu yagwira bwino ntchito. Boma la America lili ndi njira ziwiri zochepetsera msonkho wa munthu amene walipira maphunziro a ku koleji, ndipo iliyonse imatchedwa credit, kutanthauza ndalama zochotsedwa pa msonkho umene munthu ayenera kulipira. Yoyamba ndi American Opportunity Tax Credit, imene ambiri amangoitchula kuti AOTC. Inayamba m'chaka cha 2009 polowa m'malo mwa njira yakale yotchedwa Hope credit, ndipo lamulo la PATH Act la 2015 linaikhazikitsa kuti ikhale yosatha. Imafika madola 2,500 pa wophunzira aliyense pa chaka, ndipo mawerengedwe ake ndi akuti madola 2,000 oyambirira amabwezedwa onse, pomwe pa madola 2,000 otsatira amabweza gawo limodzi mwa magawo anayi. Imaperekedwa kwa zaka zinayi zokha, kwa wophunzira amene sanamalize zaka zinayi zoyamba za koleji, amene akuphunzira kuti apeze digiri kapena satifiketi yovomerezeka, ndiponso amene walembetsa theka la maphunziro a nthawi zonse kapena kuposerapo kwa semesita imodzi m'chakacho. Yachiwiri ndi Lifetime Learning Credit, imene imabweza 20 peresenti ya madola 10,000 oyambirira, kutanthauza kuti siipitirira madola 2,000 pa fomu yonse ya msonkho, ngakhale ophunzira m'banjamo atakhala atatu. Zonse ziwiri zimalembedwa pa Form 8863, ndipo zonse zimayamba kuchepa ndalama zopeza pa chaka zikapitirira madola 80,000 kwa munthu wolemba yekha kapena 160,000 kwa banja lolemba pamodzi, n'kutheratu pa 90,000 ndi 180,000. Okwatirana amene asankha kulemba msonkho payekhapayekha salandira iliyonse mwa ziwirizi. Kunalinso njira yachitatu, yochotsa fizi pa ndalama zimene munthu wapeza asanawerenge msonkho, koma inatha ndi chaka cha 2020, ngakhale kuti anthu ena amailangizabe anzawo ngati kuti ilipo.

Poyambira penipeni pulogalamuyi inandisangalatsa. Koleji yovomerezeka kawirikawiri imapereka kwa wophunzira Form 1098-T pofika pa 31 January, ndipo pulogalamuyo inandilola kungoika chithunzi cha fomuyo, n'kuwerenga yokha manambala onse. Inatenga molondola ndalama za mu bokosi 1, zimene ndi fizi imene koleji inalandira, ndi za mu bokosi 5, zimene ndi sikolashipu. Inatenganso nambala ya koleji yotchedwa EIN, imene ikufunika pa Form 8863 kwa aliyense wopempha AOTC ndipo anthu odzaza pamanja amaiiwala kawirikawiri. Kenako inafunsa mafunso oyenera mwadongosolo: ngati mwana wathu anali atamaliza kale zaka zinayi za koleji chakacho chisanayambe, ngati AOTC inapemphedwapo kale m'dzina lake ndipo kangati, ndiponso ngati anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu wa mankhwala osokoneza bongo, popeza mlandu wotere umalepheretsa AOTC. Mafunsowa analembedwa m'Chingerezi chosavuta, ndipo pansi pa lililonse panali kafotokozedwe kachidule. Pamenepa ndilibe chodandaula.

Vuto linayamba pa tsamba lotsatira. Kompyuta yogulidwa m'sitolo siioneka pa 1098-T, chifukwa koleji imangolemba ndalama zimene yalandira yokha, choncho kholo liyenera kuilowetsa pamanja. Pulogalamuyo inaonetsa mabokosi awiri, lina la mabuku ndi zipangizo zimene koleji inalamula kuti zigulidwe kwa iyo, lina la mabuku ndi zipangizo zogulidwa kwina. Kusiyanitsa kumeneku n'koyenera ndipo kukuchokera m'lamulo. Pa AOTC, mabuku ndi zipangizo zofunika pa maphunziro zimawerengedwa ngakhale zitagulidwa m'sitolo ya kunja kwa koleji. Pa Lifetime Learning Credit zimawerengedwa pokhapokha ngati ndalamazo zinayenera kulipiridwa ku kolejiko monga chofunika kuti munthu alembetsedwe kapena apitirize kuphunzira, ndiye kuti laputopu yogulidwa m'sitolo siilowamo. Koma tsambalo silinanene chifukwa chake mabokosiwo ali awiri, ndipo mawu akuti kompyuta sanapezeke paliponse pa tsambalo. Munthu amene ali ndi lisiti la madola mazana angapo m'manja amangotsala akuyang'ana bokosi lopanda kanthu, osadziwa ngati laputopu ndi chipangizo cha maphunziro kapena katundu wa mwini.

Ndinatsegula tsamba la chithandizo. Linanena kuti kompyuta ingathe kuwerengedwa ngati ikufunika pa maphunziro, n'kulekera pomwepo. Zimenezi si zabodza, ndipo n'zofanana ndi zimene IRS imanena pa mafunso ndi mayankho ake a AOTC, kuti yankho limadalira mmene zinthu zilili, ndipo kompyuta imawerengedwa ngati wophunzira akuifunikira kuti alembetsedwe kapena kuti azitha kuphunzira pa sukuluyo. Komabe munthu amalipira pulogalamu yotere kuti imutanthauzire mawu a boma kukhala mafunso amene angathe kuyankha. Panafunika mafunso atatu kapena anayi okha: kodi koleji kapena dipatimenti inalemba kuti wophunzira aliyense akhale ndi kompyuta yake, kodi pali makalasi ophunziridwa pa intaneti, kodi mayeso amalembedwa pa kompyuta ya wophunzira, kodi kompyutayo inagulidwa liti. Pulogalamu imene inatha kundifunsa za mlandu wa mankhwala osokoneza bongo sikanalephera kufunsa zimenezi, ndipo ndikuganiza kuti kusafunsako n'kochita kusankha, chifukwa kampani siifuna kusenza udindo pa funso limene yankho lake limasiyana banja ndi banja.

Nkhani ya nthawi yogulira nayonso inadumphidwa, chonsecho ndi yofunika. Ndalama zimawerengedwa m'chaka chimene zinalipiridwa, ndipo ziyenera kukhala za semesita imene ikuyamba m'chaka chomwecho kapena m'miyezi itatu yoyambirira ya chaka chotsatira. Laputopu yogulidwa mu December pokonzekera semesita ya January imalowa pa msonkho wa chaka cha December uja. Yogulidwa mwana ali ku sekondale zaka ziwiri zapitazo siingakokeredwe m'chaka choyamba cha koleji, ngakhale ikugwiritsidwabe ntchito tsiku ndi tsiku. Ndalama zobwereka zimawerengedwa, kaya ndi ngongole ya sukulu kapena khadi la ngongole, ndipo zimawerengedwa m'chaka chimene munagula, osati chimene mukumaliza kubweza. Yathu tinagula mu August, semesita yoyamba itatsala pang'ono kuyamba, choncho panalibe chovuta, koma pulogalamuyo sinadziwe zimenezo chifukwa sinafunse.

Tsopano ndifike pa masamu, pamene pali chinthu chimene ndikuona kuti kholo lililonse liyenera kudziwa lisanataye nthawi kapena ndalama. AOTC imathera pa madola 4,000 a ndalama zoyenerera. Ngati fizi imene banja lalipira lokha, sikolashipu itachotsedwa, yafika kale madola 4,000, kompyuta siiwonjezera ngakhale dola imodzi, kaya inali ya madola 500 kapena 3,000. Mabanja ambiri amene ana awo ali pa mayunivesite a fizi yokwera ali m'gulu limeneli, ndipo kwa iwo funso lonse la laputopu lilibe ntchito. Kompyuta imapindulitsa okhawo amene fizi yawo yotsala ili pansi pa malirewo, monga ophunzira a m'makoleji a zaka ziwiri kapena amene sikolashipu yawalipirira gawo lalikulu. Ife tinali m'gulu lachiwirili. Fizi inali madola 5,200, sikolashipu inalipira 3,000, kutsala 2,200. Mabuku anatenga madola 300, ndipo laputopu inali 900. Popanda laputopu, ndalama zoyenerera zinali 2,500, zimene zinapereka credit ya madola 2,125. Pamodzi ndi laputopu zinafika 3,400, ndipo credit inakwera kufika 2,350. Kusiyana kwake ndi madola 225, gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa kompyutayo, chifukwa madola 2,000 obwezedwa onse aja anali atadzazidwa kale ndi fizi.

Pali china chochepetsa phindulo kwa mabanja opeza zochepa. Pa AOTC, 40 peresenti yokha, yosapitirira madola 1,000, ndi imene boma limabweza ngati ndalama ngakhale munthu alibe msonkho woti alipire, pomwe yotsalayo imangochepetsa msonkho umene ulipo. Banja limene msonkho wake wafika kale pa ziro likanalandira madola 850 popanda laputopu ndi 940 pamodzi nayo, ndiye kuti kompyuta ya madola 900 ikanabweretsa madola 90 okha. Pulogalamuyo inawerengera zonsezi molondola, ndipo nditayerekeza ndi mizere ya pa Form 8863 manambala anagwirizana. Chimene sinachite ndi kundiuza pasadakhale. Chiganizo chimodzi chonena kuti mwatsala ndi madola akutiakuti kuti mufike pa malire a 4,000 chikanathandiza kwambiri kuposa masamba onse a chithandizo amene ndinawerenga.

M'malo mwake, pamwamba pa tsamba lililonse panali nambala yoonetsa ndalama zimene boma libweze, ndipo inkasintha nthawi yomweyo ndikalemba kanthu. Nditalemba 900 m'bokosi lija, nambalayo inakwera, popanda chenjezo kapena funso lililonse. Pulogalamu yotere ili ngati sikelo ya pamsika, imene imayeza chilichonse chimene mwaikapo osafunsa ngati katunduyo ndi wololedwa. Ndikuona kuti apa pali ngozi kwa anthu osadziwa, chifukwa kukwera kwa nambala kumaoneka ngati chilolezo, ndipo n'zosavuta kuti munthu awonjezerepo foni, mahedifoni, mpando ndi ndalama za intaneti ya kunyumba, nambala n'kumangokwera. Lamulo limakana momveka zinthu zingapo pa AOTC: malo ogona ndi chakudya, inshuwalansi, ndalama za chipatala kuphatikizapo fizi ya zaumoyo ya pa koleji, mayendedwe, ndi zofunika pa moyo wa munthu payekha. Wosayina fomu ndiye amayankha mlandu. IRS ikapeza kuti munthu anapempha AOTC mosasamala kapena monyalanyaza malamulo dala, ingathe kumuletsa kuipempha kwa zaka ziwiri, ndipo ikapeza chinyengo, kwa zaka khumi. Amene anakanidwapo amayeneranso kudzaza Form 8862 asanapemphenso. Chitsimikizo chimene kampaniyo imalengeza kwambiri chimakhudza kulondola kwa masamu okha, ndipo sichiteteza munthu amene analemba nambala yosayenera m'bokosi.

Pamenepa ndi pamene ndinalipira kuti ndilankhule ndi katswiri. Kudikira kunali kwakutali ndithu, popeza unali mwezi wa March pamene aliyense akuthamangira 15 April, tsiku lomaliza lotumizira mafomu a msonkho, koma mayi amene anandiyankha anali odziwa ntchito yawo ndipo sanandifulumizitse. Asananene chilichonse chokhudza kompyuta anayamba ndi kufunsa kuti fizi yotsala inali ndalama zingati, limene ndi funso loyenera kuyambira. Ataona kuti tili pansi pa madola 4,000, anafunsa ngati pali cholembedwa chilichonse chochokera ku koleji chonena za kompyuta. Dipatimenti ya mwana wathu ili ndi tsamba lonena kuti wophunzira aliyense akhale ndi laputopu yamphamvu mwakutimwakuti, ndipo silabasi ya kalasi imodzi inanena kuti mayeso amalembedwa pa kompyuta ya wophunzira yokhala ndi kamera. Iwo anati zimenezo ndi umboni wabwino, ndipo anandilangiza kusunga tsambalo ndi silabasiyo monga mmene zinalili m'chaka chimenecho, pamodzi ndi lisiti ndi sitetimenti ya ku banki, chifukwa makoleji amasintha masamba awo chaka chilichonse. Anawonjezera kuti kukanakhala kuti palibe cholembedwa chotere, ndipo kompyutayo inangogulidwa chifukwa n'njothandiza, mlandu wake ukanakhala wofooka ndipo chisankho chikanakhala changa. Ndinayamikira kuti sanandilonjeze zimene sakanatha kutsimikiza.

Anandiuzanso nkhani ya sikolashipu imene pulogalamuyo sinaitchule m'pang'ono pomwe. Sikolashipu siikhomeredwa msonkho ikagwiritsidwa ntchito pa fizi ndi pa mabuku ndi zipangizo zofunika kwa ophunzira onse a kalasiyo, koma ikalipira malo ogona ndi chakudya imasanduka ndalama zimene wophunzira wapeza. Thandizo lina, monga Pell Grant imene boma limapereka kwa ophunzira a m'mabanja opeza zochepa, limalola kuti ligwiritsidwe ntchito pa zonse ziwiri, ndipo zikatero banja lingasankhe kuwerengera gawo lake ngati ndalama za pa moyo wa wophunzira, mwanayo n'kulilemba pa msonkho wake, kuti fizi yotsala m'manja mwa makolo ikwere kufika pa madola 4,000. Buku la IRS lotchedwa Publication 970 limafotokoza njira imeneyi, choncho si chinyengo. Kwa ife sinagwire ntchito chifukwa sikolashipu ya mwana wathu inalembedwa kuti ndi ya fizi yokha. Koma kwa banja lokhala ndi Pell Grant yaikulu, njira imeneyi ingabweretse ndalama zochuluka kuposa zimene laputopu ingabweretse, ndipo n'zodandaulitsa kuti munthu angamalize pulogalamu yonse osadziwa kuti ilipo.

Gawo la akaunti ya 529 ndinalitsegula kuti ndione mmene lilili, ngakhale kuti chaka chimenecho sitinatapemo ndalama. Akaunti imeneyi ndi yosungira ndalama za maphunziro, ndipo phindu lake silikhomeredwa msonkho ngati ndalamazo zagwiritsidwa ntchito pa zinthu zovomerezeka. Apa malamulo a kompyuta ndi ofewa kwambiri. Kuchokera pa PATH Act ya 2015, kompyuta, zipangizo zake monga pulinta, mapulogalamu ndi intaneti zimaloledwa malinga ngati wophunzirayo ndiye akuzigwiritsa ntchito kwambiri m'zaka zimene ali pa koleji, ndipo sipafunika kuti koleji ichite kulamula. Mapulogalamu a masewera ndi zosangalatsa saloledwa pokhapokha ngati cholinga chawo chachikulu ndi maphunziro. M'gawo limeneli pulogalamuyo inali ndi bokosi lakelake la kompyuta, lolembedwa momveka, zimene zikusonyeza kuti opanga ake amadziwa kusiyana kwa malamulo awiriwa koma sanaone chifukwa chouzira wogula. Lamulo lofunika kukumbukira ndi lakuti ndalama imodzi siigwira ntchito kawiri: laputopu yolipiridwa ndi ndalama zosakhomeredwa msonkho za mu 529 siingawerengedwenso pa AOTC. Banja lokhala ndi zonse ziwiri nthawi zambiri limapindula likasiyira AOTC madola 4,000 a fizi, n'kulipira kompyuta kuchokera mu 529, potapa ndalamazo m'chaka chomwecho chimene kompyuta yagulidwa. Ndalama zotapidwa zimalembedwa pa Form 1099-Q, ndipo zikapitirira zofunika zovomerezeka, phindu la gawo lopitiriralo limakhomeredwa msonkho, kawirikawiri pamodzi ndi chilango cha 10 peresenti. Pulogalamuyo imagawa ndalamazi yokha kuseri, koma siionetsa bwino kuti yaika ziti pa credit ndi ziti pa 529, ndipo ndinavutika kupeza tsamba losinthira kagawidweko.

Pa funso lakuti ndani ayenera kupempha credit, kholo kapena mwana, pulogalamuyo inachita bwino. Inafotokoza kuti mwana akalembedwa pa fomu ya makolo ngati wodalira iwo, makolowo ndiwo amapempha, ndipo ndalama zimene mwanayo analipira yekha zimawerengedwa ngati kuti analipira ndi makolo. Izi zikutanthauza kuti laputopu imene mwana anagula ndi malipiro ake a ntchito ya pa tchuthi imalowabe pa fomu ya makolo. Inachenjezanso kuti wophunzira wa nthawi zonse wosakwana zaka 24, amene ali ndi kholo lamoyo ndipo ndalama zimene amapeza pogwira ntchito sizifika theka la zofunika pa moyo wake, salandira gawo lobwezedwa ngati ndalama lija akalemba payekha. Chenjezo limeneli n'lothandiza, chifukwa achinyamata ambiri amathamangira kulemba msonkho wawo mu February asanafunse makolo, ndipo akadzilemba kuti palibe wowasamalira, fomu ya makolo ingathe kukanidwa ikatumizidwa pa intaneti.

Kwa owerenga amene anabwera ku America kudzaphunzira, kapena amene akulipirira m'bale wotere, pali mfundo imene ikuposa zonse zimene ndanenazi. Munthu amene malamulo a msonkho amamuona kuti si wokhala m'dzikomo sangapemphe AOTC kapena Lifetime Learning Credit, kupatula pa zochitika zochepa monga wokwatirana ndi nzika kapena wokhazikika amene asankha kulemba naye pamodzi. Wophunzira wa viza ya F-1 kawirikawiri amakhala m'gulu limeneli kwa zaka zisanu zoyamba za pa kalendala, ndipo fomu yake ndi 1040-NR pamodzi ndi Form 8843. Kulandira 1098-T kuchokera ku koleji sikusintha zimenezi. Pulogalamu imene ndikuinenayi siilemba 1040-NR, ndipo chenjezo lake pa nkhaniyi linali laling'ono, losavuta kulidumpha. Wophunzira wotere akangopitirira, pulogalamuyo imudzazira Form 1040 wamba ndi kumuonetsa madola okwana mpaka 1,000 amene si ake, ndipo ndalama zimenezo adzayenera kuzibweza. Ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa koleji ndiyo malo oyamba kufunsako. Palinso kusintha kumene kunabwera ndi lamulo la msonkho la 2025: kuyambira ndi msonkho wa chaka cha 2026, opempha macredit awiriwa ayenera kukhala ndi nambala ya Social Security, pomwe kale ITIN, nambala ya msonkho imene IRS imapereka kwa anthu amene sangapeze ya Social Security, inkakwanira. Mabanja amene akhala akugwiritsa ntchito ITIN ayenera kufufuza zimenezi asanawerengere ndalama zimene sizidzabwera.

Za mtengo sindinasangalale nazo. Ndinayamba pa gawo lolengezedwa kuti ndi laulere, koma nditangofika pa nkhani ya maphunziro, pulogalamuyo inati ndikwere kupita pa gawo lolipira, ndipo inanena zimenezi nditalowetsa kale zambiri za banja lonse, pamene kubwerera m'mbuyo kumaoneka ngati kutaya ntchito. Msonkho wa state, umene umalipiridwa ku boma la chigawo chimene munthu akukhala, unali ndi mtengo wakewake, katswiri analinso ndi wake, ndipo pomaliza zonse pamodzi zinayandikira madola 200. Chakumapeto kunabwera masamba angapo ondikopa kugula chitetezo cha pa kafukufuku wa IRS ndi kulipira kampaniyo kuchokera mu ndalama zobwezedwa, njira imene ili ndi fizi yowonjezera yolembedwa ndi zilembo zazing'ono. Ndinakana zonsezi, koma batani lokanira linali lobisika kuposa lovomerezera. Ndikayerekeza madola 225 amene laputopu inabweretsa ndi ndalama zimene ndinalipira kuti nditsimikize za iyo, phindu lotsala ndi lochepa, ngakhale kuti n'zoona kuti ndalamazo zinalipiranso kulemba msonkho wonse wa banja.

Njira zaulere zilipo, ndipo kampani yogulitsa pulogalamu siingakuuzeni za izo. IRS Free File imapereka mapulogalamu aulere kwa anthu amene ndalama zawo zili pansi pa malire amene amasintha chaka ndi chaka, koma munthu ayenera kulowera pa tsamba la IRS lenilenilo kuti apeze mwayi umenewu. Palinso VITA, pamene anthu odzipereka ophunzitsidwa ndi kuyesedwa mayeso a IRS amathandiza opeza ndalama zochepa ndi zapakati m'malaibulale, m'makoleji ndi m'malo ena a m'dera, ndipo kumeneko funso la kompyuta mungalifunse munthu maso ndi maso popanda kulipira. Wokonda kuwerenga yekha apeza mutu wa AOTC mu Publication 970, wokhala ndi zitsanzo zowerengedwa kale. Amene anagula kompyuta yoyenerera m'chaka cham'mbuyo osailemba angathe kukonza ndi Form 1040-X, kawirikawiri pasanathe zaka zitatu kuchokera pamene analemba msonkhowo, koma ayambe aona ngati chakacho sanafike kale pa madola 4,000, chifukwa ngati anafika, kukonzako sikubweretsa kanthu.

Pulogalamuyi ndingailangize kwa kholo limene likudziwa kale malamulo ndipo likungofuna chida chodzaza mafomu mwaukhondo ndi kuwatumiza mofulumira. Katswiri wake ndi woyenera kulipiridwa kamodzi, m'chaka choyamba cha mwana pa koleji, makamaka ngati pali Pell Grant kapena akaunti ya 529, chifukwa pamenepo ndi pamene chisankho chimodzi chimasintha madola mazana angapo. Kwa amene fizi yake yotsala yadutsa madola 4,000, palibe chifukwa cholipirira katswiri pa nkhani ya kompyuta, ndipo wophunzira wa F-1 amene akadali m'zaka zake zisanu zoyamba asaigwiritse ntchito n'komwe. Lisiti la laputopu, silabasi ndi tsamba la dipatimenti ndazisunga pamodzi ndi 1098-T, ndipo zikhala pamenepo kwa zaka zosachepera zitatu, nthawi imene IRS kawirikawiri imakhala ndi ufulu wofunsa za fomu imene inatumizidwa.